Mphasa ndi Phala

Ine ndinabadwira m'dziko la Mfumu Mwase, m'boma la Lundazi, kufupi ndi malire a Zambia ndi Malawi. Kwathu ndi kwa Acewa, koma munthu akayenda pang'ono apeza midzi ya Atumbuka ndi ya Angoni, kotero kuti mwana wa ku Lundazi amakula ali ndi zinenero ziwiri m'kamwa mwace. Pamene ndinali mnyamata ndinali kuyesa kuti mitundu ya anthu yokha ndiyo iri ndi zinenero. Sindinadziwe kuti masewera naonso ali ndi cinenero cao, kufikira m'caka ca 1978, pamene amalume anabwerera kumudzi kucokera ku migodi.

Amalume anagwira nchito zaka zoposa 20 pa mgodi wa mkuwa wa ku Luanshya, umene pa masiku ao oyamba unali kuchedwa Roan Antelope. Tsiku limene anafika, mudzi wonse unasonkhana kudzaona katundu wao. Munali njinga, wailesi, mabulangete ndi nsalu za amai. Koma pansi pa zonse panali cinthu cobulungira, cacikulu ngati licero, cokulungidwa m'thumba la ufa. Agogo atacionetsetsa anafunsa kuti, "Kodi ndi koloko imeneyi? Nanga manja ace ali kuti?" Amalume anaseka nati, "Iai amai, iyi ndi bolodi ya madatsi." Atatero anatsegula kabokosi, natulutsamo timibvi titatu tacitsulo, tosapitirira cikhato ca munthu kutalika kwace, tokhala ndi nthenga kumbuyo.

Masewera amenewa anacokera ku England, kumene amawachula darts. Anthu a kumeneko anali kuwasewera makamaka m'nyumba zomweramo mowa, madzulo ataweruka ku nchito, ndipo Angerezi amene anadza ku migodi ya mkuwa anabwera nao. Amalume anawaphunzira m'kalabu ya anchito a pa mgodi. Iwo sanali munthu wa mowa, conco anakhomera bolodi yao pa khonde la kagolosale kamene anatsegula m'mudzi, kuti asewere ali yense wofuna.

Tiyeni tiione bwino bolodi imeneyi, pakuti wosaidziwa sangathe kumva mau ace. Imapangidwa ndi ulusi wa khonje wopanikizidwa kolimba, kotero kuti mubvi ukazulidwa boo lace limatsekeka lokha. Ndipo mabolodi ena ochuka amapangidwa ku Kenya, kumene khonje amalimidwa kwambiri. Nkhope yace yagawidwa ndi waya m'zigawo 20, monga masipoko a gudumu la njinga, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi nambala yace, kuyambira 1 kufikira 20. Kumphepete kuli mkombero wopyapyala wochedwa double, umene ife tinali kuti dabulo. Mubvi ukalasa m'menemo, nambala iwerengedwa kawiri. Ca m'kati muli mkombero wina wochedwa treble, kapena tirebulo, umene uwerengedwa katatu. Pakati peni-peni pali kadontho kofiira ka 50, ndipo kabwalo kozungulira kadonthoko ndi ka 25. Mwa lamulo la masiku ano, kadontho kofiirako kakhale mamita 1.73 kucokera pansi, ndipo woponya aime mamita 2.37 kucokera pa bolodi.

Manambala sanaikidwe motsatana ai. Pamwamba peni-peni pali 20, koma kumanzere kwace kuli 5, ndipo kumanja kwace kuli 1. Ca kumunsi kuli 19, wokhala pakati pa 3 ndi 7. Amalume anali kunena kuti, "Amene anakonza bolodi iyi anali munthu wocenjera. Anaika njala pafupi ndi nkhokwe. Ukalakalaka 20 dzanja lako lisanakhwime, udzakolola 1."

Osewera awiri amayamba ali yense ndi 501. Aponya mosinthana mibvi itatu itatu, ndipo cimene munthu walasa cicotsedwa pa nambala yace. Wopambana ndiye amene ayamba kufika pa 0. Koma lamulo lalikulu ndi ili, kuti mubvi wotsiriza uyenera kulasa dabulo, kapena kadontho kofiira ka pakati. Wotsala ndi 40 afuna dabulo ya 20. Wotsala ndi 16 afuna dabulo ya 8. Motero masewera onsewa ndiwo kuculukitsa, kuphatikiza ndi kucotsera, ndipo payenera kukhala munthu wacitatu woima pambali, wolemba zotsala za ali yense. Angerezi amamucha chalker, ndiye kuti munthu wa coko.

Tsono ndinene za ine mwini. Caka cimeneco ndinali mu Giredi 7, ndipo mayeso akulu anali kudza kumapeto kwa caka. Pa masiku amenewo malo m'sukulu za sekondale anali ocepa, ndipo ambiri amene analemba mayesowo anali kubwerera ku khasu. Kuwerenga ndi kulemba ndinali kukhoza, koma masamu anali mdani wanga. Samu ya kucotsera yofuna kubwereka inali kundizunguza mutu. Ndinali kuwerenga zala pansi pa desiki, ndipo zala zikatha ndinali kungolemba nambala iri yonse imene yandidzera. Aphunzitsi anauza amai kuti ndikapanda kusintha sindidzapita patali. Amai, amene anali kulera okha ana asanu atate atamwalira, anapita kukadandaula kwa mlongo wao, pakuti mwa Acewa mwini mbumba ndiye malume.

Amalume sanandikalipire. Pa tsiku Loweruka anandiitana, nandipatsa coko ndi thabwa lopakidwa makala, nati, "Mphwanga, kuyambira lero ndiwe mlembi wathu. Mubvi sudzaugwira kufikira utadziwa kulemba." Masiku oyamba ndinabvutika kwambiri. Osewera anali kupfuula mau amene sindinawamve cibadwire: "Bulu!" "Tani!" "Basiti!" Ine ndinali kungoima kukamwa kuli yasa. Amalume ataona cimeneci anati, "Safunsa anadya phula. Liu liri lonse limene ulimva pano labisa nambala m'mimba mwace. Funsa tanthauzo lace, ndipo nambalayo sudzaiiwalanso."

Liu loyamba limene ndinafunsa linali bulu. Munthu akalasa kadontho kofiira, onse anali kupfuula kuti, "Bulu!" Tsiku lina agogo, ali khale pa mphasa yao, anaceuka nati, "Ali kuti buluyo? Mpitikitseni asandithere mphale yanga." Amalume anafotokoza kuti liu la Cingerezi ndi bull, ndipo silinena bulu wosenza katundu ai, koma ng'ombe yamphongo, imene ife timati nkhunzi. Dzina lonse ndilo bull's-eye, ndiye kuti diso la nkhunzi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva "bulu" ndinali kuona diso lofiira la nkhunzi, ndi 50 ali m'kati mwace.

Liu laciwiri linali tani, limene kwa ife linamveka ngati funso lija lakuti, "Watani?" Angerezi amalemba ton. Ndiwo muyeso wa zinthu zolemera, umene amalume anali kuyesera miyala ya mkuwa ku mgodi. Koma poceza, Angerezi amachula 100 ndi dzina lomwelo. Wolasa tirebulo ya 20 ndi mubvi umodzi, ndi 20 wamba ndi mibvi iwiri, wapeza 60 ndi 20 ndi 20, ndiyo tani. Wopeza 140 amati waponya ton forty. Mibvi yonse itatu ikalowa m'tirebulo ya 20 ipereka 180, ndipo palibe nambala yoposa imeneyi pa kuponya kumodzi. Pa khonde la amalume ndinaiona kamodzi kokha, ndipo amene anailasa anayenda m'mudzi monse ngati munthu wopha njobvu.

Koma liu limene ndinalikonda koposa onse ndi la nambala 26. Ophunzira kumene amaipeza kawiri-kawiri, cifukwa pofuna 20, mubvi umodzi ulasa, wina upatukira pa 5, wina pa 1. Angerezi amaicha bed and breakfast, ndiye kuti kama ndi cakudya ca m'mawa. Ine ndinadabwa ndithu kuti kama alowa bwanji m'masamu. Amalume anandikumbutsa kuti kwacha ndi ngwee zinayamba mu 1968, ndipo kale tinali ndi mapaundi, mashileni ndi makobiri monga a ku England. Kumeneko, masiku a kale, munthu wa pa ulendo anali kulipira mashileni 2 ndi makobiri 6 kuti agone usiku umodzi m'nyumba ya alendo ndi kudya m'mawa. Ukalemba 2 ndi 6 moyandikana, wapeza 26. "Nyumba zotere ziri monga ija ya pa boma," anatero amalume. Anali kunena nyumba yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene DC Errol Button anamangitsa pa Lundazi kuti muzigona alendo, ndipo inatha mu 1952. Pamenepo mkulu wina amene anali kumvetsera anati, "Ife kuno mlendo sitimlipiritsa. Usiku timyalira mphasa, m'mawa timpatsa phala." Onse anaseka, ndipo kuyambira pomwepo 26 pa khonde lathu inachedwa "mphasa ndi phala."

Atayamba mkulu uja, mau enanso analandira maina a kwathu. Munthu akaona kuti 20 yamkana, amatsikira ku 19. Angerezi amati wapita downstairs, ku zipinda za pansi, cifukwa nyumba zao zambiri ndi zosanja. Ife kumudzi tinalibe nyumba zosanja, conco tinali kuti, "Watsikira kudambo." Mibvi itatu ikalowa m'kacigawo kamodzi, iwo amati three in a bed, ife tinali kuti, "Atatu pa mphasa imodzi," monga momwe tinali kugonera ine ndi abale anga. Masewera amodzi, kucokera pa 501 kufika pa 0, achedwa leg, ndipo ife tinangomasulira kuti mwendo. Mpikisano umodzi ukhala ndi miyendo itatu kapena isanu, ndipo wotenga miyendo yambiri ndiye wapambana.

Mau ena tinawasiya monga momwe anadzera. Mzere umene woponya aimapo dzina lace limalembedwa oche, koma pochula amati "oki." Dabulo ya 20 ndiyo double top, cifukwa iri pamwamba pa zonse. Mubvi ukalasa kumbuyo kwa mubvi unzace nukakamira pomwepo, amati Robin Hood, dzina la katswiri wa uta wa m'nthano za ku England. Cimeneci cimasangalatsa oonerera, koma mubvi wotere suwerengedwa, pakuti sunakhudze bolodi.

Mau awiri oopsa ndawasungira pano, cifukwa nkhani yanga yagona pa iwo. Loyamba ndi bust, limene ife tinali kuti basiti. Munthu akalasa nambala yoposa imene yamtsalira, kapena akafika pa 0 wopanda dabulo, kapena akatsala ndi 1 amene alibe dabulo, kuponya kwace konse kwafa, ndipo abwerera pa nambala imene anali nayo asanaponye. Amai a m'mudzi anacha cimeneci kupsereza ndiwo. Laciwiri ndi madhouse, nyumba ya misala. Limeneli ndi dzina la dabulo ya 1, imene afuna munthu wotsala ndi 2. Kumeneko ndi kumathero a njira. Mubvi ukalowa pang'ono m'kati, walasa 1 ndipo wapsereza. Ukatulukira kunja, palibe kanthu. Munthu angathe kukhala pamenepo nthawi yaitali kufikira mutu uzungulira. Ife tinali kuti, "Wagwa m'mbuna."

Cifukwa ca ici osewera ocenjera amakonda kutsala ndi 32. Akaphonya dabulo ya 16 nalasa 16 wamba, atsala ndi 16, ndipo afuna dabulo ya 8, amene ali pafupi ndi 16 pa bolodi. Akaphonyanso, 8 agawika kukhala 4, ndipo 4 akhala 2. Koma 40 agawika kukhala 20, kenaka 10, kenaka 5, ndipo pa 5 njira yaduka. Pa khonde limenelo ndi pamene ndinayamba kumvetsa kusiyana kwa manambala ogawika pawiri ndi osagawika, cinthu cimene aphunzitsi anacifotokoza kambiri ine osacigwira.

Pofika mwezi wa September ndinali nditasiya kuwerenga zala. Munthu akaponya mphasa ndi phala poyamba, dzanja langa linali kulemba 475 mibvi isanazulidwe. Akatsatiza ndi tani, 375 anali atalembedwa kale. Aphunzitsi anadabwa, nafunsa amai kuti ndadya mankhwala anji. Ine ndinayamba kudzitama mumtima kuti pa khonde lonse panalibe wondiposa pa kuwerenga, ndipo kudzitama kumeneko ndiko kunanditsogolera ku cimene ndifuna kukuuzani tsopano.

Pa 24 October, tsiku lokumbukira ufulu umene Zambia inalandira mu 1964, amfumu a mudzi wathu anapereka tambala wamkulu wofiira kuti akhale mphoto ya wopambana pa madatsi. Juga amalume anali kuikana kotheratu, koma mphoto anailola. Anadza anthu a m'midzi yozungulira, nasewera kuyambira masana. Potsiriza anatsala awiri, amalume ndi mlangizi wa zaulimi, Mtumbuka wa ca ku Chasefu, amene anabwera pa njinga. Ali yense anatenga mwendo umodzi, ndipo mwendo wacitatu ndiwo unali woweruza. Kwathu tinali titatha milungu yambiri tikudyera mfutso wokha, ndipo ang'ono anga anali atagawana kale ziwalo za tambalayo m'maganizo mwao.

Dzuwa linali kulowa, ndipo ine ndinadziwa kuti maso a amalume sanali kuona bwino kukayamba cisisira. Iwo anatsala ndi 87, mlangizi ali kumbuyo ndi 205. Amalume anaponya 20, kenaka 5, kenaka 1. Anthu anapfuula kuti, "Mphasa ndi phala!" Samuyo inali yapafupi kwa ine tsopano: 87 kucotsa 26 ndi 61. Ndinaidziwa coko cisanakhudze thabwa. Koma ndinadziwanso cina. Wotsala ndi 61 kawiri-kawiri ataya mibvi iwiri pokonza njira, natsala ndi umodzi wokha wa dabulo. Koma wotsala ndi 51 alasa 19 ndi mubvi umodzi, natsala ndi iwiri yofunira dabulo ya 16. Ndinayang'ana tambala womangidwa pa mzati. Ndinayang'ana anthu, ndipo onse maso ao anali pa mlangizi amene anali kudza pa oki. Ndinalemba 51.

Mlangizi anaponya, nazula mibvi yace wosaona kanthu. Amalume anaima pa oki, nakweza dzanja, nayang'ana thabwa langa, natsitsanso dzanja. Ananena mofatsa kuti, "Mphwanga, 7 kucotsa 6?"

"Ndi 1, amalume."

"Wakhoza. Nanga 8 kucotsa 2?"

Pakhosi panga panauma. "Ndi 6, amalume."

"Tsono 6 ameneyo mbwezere pamalo pace."

Anthu anaseka, nayesa kuti mwana wangolakwa samu cabe. Ine ndinafafaniza 5 ndi cikhato, ndinalemba 6, manja ali njenjenje.

Amalume analasa 20, natsala ndi 41. Analasa 9, natsala ndi 32. Mubvi wacitatu unaphonya dabulo nulasa 16 wamba. Ulendo wotsatira analasa 8 wamba, 4 wamba, ndi 2 wamba, ndipo anthu anagwira pakamwa nati, "Agwa m'mbuna!" Nthawi yonseyi mlangizi anali kutsika pang'ono-pang'ono kufikira anatsala ndi 40. Amalume anaponyanso, ndipo mubvi woyamba unalasa 1. Anapsereza. Mlangizi anaima pa oki, nalasa double top ndi mubvi wace woyamba. Amalume ndiwo anayamba kupfuula kuti, "Game shot!" ndiwo mau otsekera masewera, nagwira mnzaoyo canza. Mlangizi anayankha m'Citumbuka kuti, "Yewo comene, adada," namangirira tambala pa njinga yace. Usiku umenewo tinadyeranso mfutso.

Titatha kudya, amalume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, kumene kunalibe wina wotimva. Anati, "Samu yotere unaidziwa kale mwezi wa August. Lero sunalakwe ai, unaba." Ine ndinalira, ndinati ndinangofuna kuti apambane. Iwo anati, "Ndikadadya tambala ameneyo, akadandilira m'mimba m'mawa uli wonse. Tamvera, mphwanga. Ku Luanshya tinali kusewera Abemba, Alozi, Acewa ndi anthu a ku Nyasaland. Zinenero zathu zinali zosiyana, koma sitinakangane, cifukwa tani ndi 100 kwa ali yense, ndipo tonse tinali kukhulupirira munthu wa coko. Munthu wa coko alibe malume. Mawa kapena udzakhala kalaliki woyesa nshawa ndi thonje za anthu pa sikelo. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga idzasiya thukuta lace la caka conse m'dzanja lako, monga momwe mlangizi uja anasiyira nambala m'dzanja lako lero. Ndinakuphunzitsa masamu kuti anthu asakubere, sikuti iwe uzibera anthu."

Ine ndinayesa kuti adzandilanda coko, ndipo ndikadakondwa akadatero, pakuti manyazi anandigwira. Koma Loweruka lotsatira, mlangizi atabweranso, amalume anandiitana pamaso pa onse, nandipatsa coko nati, "Mlembi wathu ndi yemweyu." Cimeneci cinandilemera kuposa ndodo. Kuyambira tsikulo ndinazolowera kuchula nambala mokweza ndisanailembe, kuti ali yense amve ndi kunditsutsa ngati ndalakwa.

Mayeso a Giredi 7 ndinakhoza, ndinapita ku sekondale, ndipo pambuyo pace ndinakhala mphunzitsi zaka zambiri. Ndalemba mamalikisi a ana osawerengeka, ena a iwo ana a abale anga, ndipo nthawi zonse dzanja likafuna kupendekera kwa mwana wa mbale, ndinali kumva liu lija lakuti, "Nanga 8 kucotsa 2?" Amalume anamwalira kale, ndipo bolodi yao inadyedwa ndi ciswe.

Masiku ano madatsi amaonetsedwa pa televizioni, ndipo akatswiri ace adziwika pa dziko lonse. Munthu sangathe kutsiriza 501 ndi mibvi yocepera 9: aponya 180 kawiri, natsiriza 141 ndi mibvi itatu. John Lowe wa ku England ndiye anayamba kucita cimeneci pa televizioni mu 1984. Mu January 2025, Luke Littler, mnyamata wa zaka 17, anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Alexandra Palace mu London. Ndikaonerera masewera otere ndimamva mau omwe aja amene ndinawamva pa khonde la amalume, ndipo wina akalasa 20, 5 ndi 1, ndimanena ndekha m'nyumba kuti, "Mphasa ndi phala!"

Ana inu, mukamva liu lacilendo m'masewera, m'sitolo kapena m'buku, musamangolibwereza ngati cinkhwe. Funsani tanthauzo lace ndi kumene linacokera, pakuti mau ambiri abisa cinthu m'mimba mwao. Ndipo mukacipeza, simulakwa kulipatsa liulo dzina la kwanu, monga anacitira akulu a m'mudzi mwathu. Mukapeza mwai wa kusewera madatsi, imani kumbuyo kwa woponya, ndipo musapite ku bolodi mibvi yonse itatu isanaponyedwe, cifukwa nsonga zace ndi zakuthwa.

Tsopano tengani coko. Munthu wayamba ndi 501. Waponya tani kawiri, kenaka 180, kenaka mphasa ndi phala. Watsala ndi zingati? Munthuyo ayese kuti ndi malume wanu, ndipo lembani cimene mwapeza, osati cimene mukadakonda.